Chipwete cha ku Golana

M'chaka cha 1998, anthu opanga sewero la pa kanema la Star Trek: Deep Space Nine ankafuna chipatso chooneka ngati chabala ku dziko lina, kutali kuthambo. Sadachiumbe ndi pulasitiki. Adangotenga chipatso chenicheni chaminga, chofiirira ngati lalanje kunja, chobiriwira m'kati, n'kuchitcha vwende la ku Golana. Azungu amachitcha kiwano, dzina limene alimi a ku New Zealand adachipatsa kuti chiziyenda malonda. Ife kuno timati chipwete. Inde, chipwete chomwe chija chimayanga m'munda wa chimanga popanda wochithirira, chija amayi amaunjika timilu pa chiguduli mvula ikamatha, ife n'kumadutsa osachiyang'ana n'komwe.

Nkhani imeneyi imandibwerera ndikamaona ntchito za ife achinyamata amene tayamba kuumba zinthu za 3D pa kompyuta. Sitili ambiri, koma tilipo. Ena ali m'makoleji, ena adamaliza ndipo akudikira ntchito, ena adaphunzira okha pa YouTube ndi bandulo ya usiku. Ambiri timakonda kupanga malo a maiko ongopeka, mapiri, zigwa ndi nkhalango za mapulaneti ena, chifukwa n'zimene zimakopa maso ukaika pa Instagram, kapena ukamaonetsa woimba amene akufuna chithunzi cha chimbale chake. Koma tayang'anani zomera zimene timadzala m'maiko amenewo. Bowa wamkulu ngati nyumba, wowala buluu. Udzu wa pepo. Mitengo yolendewera zingwe zonyezimira. Wa ku Area 25, wa ku Ndirande, wa ku Chibavi, nkhalango yake ndi imodzimodzi, ngati tonse tidakulira mudzi umodzi. Mudziwo dzina lake ndi Pandora, wa mufilimu ya Avatar ya mu 2009.

Maganizo anga ndi akuti munthu amene ali mu Lilongwe muno, ndipo akufuna kuphunzira kupeka zomera zakuthambo, sukulu yake yoyamba ndi Msika wa Tsoka ndi kutsidya kwake, osati fayilo inanso ya mitengo yopangiratu yotsitsa pa intaneti. Sindikunena izi ndi mtima wa "tiyeni tikonde zathu" umene timaumva m'misonkhano, anthu n'kuomba m'manja, n'kulandira ya mayendedwe. Ndikunena za luso, ndiponso za m'thumba: ngati ntchito imeneyi idzatidyetse kapena tidzaisiya tikangopeza pokhala mu ofesi.

Amene mumaidziwa Old Town mukudziwa kuti mtsinje wa Lilongwe umadula malonda pakati. Mbali imodzi kuli Tsoka, kwa kaunjika, nsapato ndi zikwama. Mbali inayo kuli msika wa Lizulu, kwa tomato, kabichi, mbatata ndi zipatso. Pakati pali timilatho tamatabwa tija timagwedera, tomwe umapereka kandalama kuti uwoloke. Kwa munthu wojambula, mbali ziwirizi zimaphunzitsa zinthu ziwiri zosiyana.

Yambani ku kaunjika. Tambasulani madiresi ndi malaya a maluwa, muwayang'ane ngati mlimi, osati ngati wogula. Duwa lili pamenepo, koma phesi lolinyamula palibe. Tsamba la mtengo wina lamera pa nthambi ya mtengo wina. Maluwa onse amasula tsiku limodzi, onse akuyang'ana kwa inu, palibe lofota, palibe tsamba lobooledwa ndi mbozi. Pa diresi zimenezi zilibe mlandu, diresi ntchito yake n'kutchena. Koma zomera zathu zambiri za pa kompyuta ndi maluwa a pa diresi omwewa: sizidya, sizimwa, sizibereka, siziopa mbuzi. N'chifukwa chake woonera amati "zabwino" n'kupitirira. Diso lake lazindikira kuti chinthucho sichidakhalepo ndi moyo, ngakhale pakamwa pake sipangafotokoze chimene chalakwika.

Chomvetsa chisoni n'chakuti eni ake a Pandora sadachite zimene ife tikuchitazi. Opanga filimuyo adaitana Jodie Holt, pulofesa wa sayansi ya zomera wa ku University of California, Riverside, kuti awathandize kuganiza mmene zomera za dziko limenelo zingakhalire. Chomera chija chozungulira ngati nkhono, chimene chimabwerera pansi msangamsanga munthu akachikhudza, adachitengera ku kanyongolotsi kena ka m'nyanja yamchere kamene kamachita chimodzimodzi. Iwo adayang'ana zamoyo zenizeni, n'kupeza yankho lawo. Ife takopera yankho popanda njira yake. Aliyense amene adalembapo masamu a Fomu 4 akudziwa malikisi amene munthu wotere amapeza.

Tsopano wolokani mlatho. Chomera chilichonse chimene muone pa thandala ndi yankho la mafunso ochepa omwewo. Kuwala ndikupeza bwanji? Madzi akasowa nditani? Ndani akufuna kundidya? Ana anga afika bwanji kutali ndi ine? Maonekedwe onse, minga, ubweya, makungwa, fungo, amachokera pamenepo. Tengani chipwete m'manja. Munga uliwonse uli ndi kachulu kake pamene wakhazikika, ndipo mtundu wa khungu umasintha mozungulira kachuluko. Chosapsa chimakhala chobiriwira chamawangamawanga, chikamapsa mawangawo sachokeratu, amangozimirira pansi pa chikasu. Mukachidula mupeza njere iliyonse ili m'kathumba kake ka madzi oterera. Chithunzi cha pa Google chikuonetsani mbali imodzi ya zonsezi. Sichikuuzani kulemera kwake, kapena mmene kuwala kumalowera m'madzi obiriwira aja mukachiloza ku dzuwa, chimene ndi chinthu chovuta kwambiri kuchitsanzira pa kompyuta.

Kenako funani chinanazi. Werengani mizere ya maso ake imene ikukwera mopendekera kumanja, muwerengenso yokwera kumanzere. Pa zinanazi zambiri mupeza 8 mbali imodzi ndi 13 mbali inayo. Mutu wa mpendadzuwa umachitanso zomwezo ndi manambala okulirapo, 34 ndi 55 mwachitsanzo. Gwero lake ndi lamulo limodzi laling'ono: kanthu katsopano kalikonse, kaya ndi tsamba kaya ndi njere, kamaphuka katapotoloka pafupifupi madigiri 137.5 kuchokera pamene padaphukira kanzake. Ngodya imeneyi imachititsa kuti masamba asamasanjikizane, aliyense apezeko dzuwa lake. Mukaisintha kukhala madigiri 120, masamba amafola m'mizere itatu, lapamwamba n'kuphimba lapansi, chomera chonse n'kusintha nkhope.

Apa ndi pamene msika umakumana ndi kompyuta. M'chaka cha 1968, Aristid Lindenmayer, katswiri wa zamoyo wochokera ku Hungary, adalemba njira yofotokozera kakulidwe ka zamoyo zosavuta monga ndere pogwiritsa ntchito malamulo ochepa obwerezabwereza. Njirayi imatchedwa L-system. Mu 1990 mudatuluka buku la The Algorithmic Beauty of Plants, lolembedwa ndi Przemysław Prusinkiewicz pamodzi ndi Lindenmayer, lomwe lidaonetsa mmene malamulo otere angameretsere mitengo ndi maluwa pa kompyuta. Bukuli lili pa intaneti ulere. Mfundo yake ndi yosavuta. Yambani ndi kamtengo kamodzi. Lamulo likhale lakuti nsonga iliyonse italike pang'ono, kenako igawike pawiri, nthambi ina ipendekere uku, ina uko. Mukabwereza kasanu ndi kamodzi muli ndi nsonga 64. Mukabwereza kakhumi muli ndi 1,024, ndipo chimene chili pa sikirini yanu chayamba kufanana ndi nkhadze ya pa mpanda wa khola la agogo. Pulogalamu ya Blender, yomwe ambiri tikugwiritsa ntchito chifukwa ndi yaulere, idalandira chida chotchedwa Geometry Nodes mu 2021, ndipo ndi chida chimenechi munthu amalumikiza malamulo otere popanda kulemba khodi yambiri.

Ndiye kompyuta sifuna kuti uipatse chithunzi cha mtengo. Imafuna lamulo. Wodziwa malamulo ambiri a zomera ali ndi nkhalango zambiri m'mutu mwake, wodziwa limodzi ali ndi Pandora basi. Ndipo dziko lathu lino, pa nkhani ya malamulo odabwitsa, silosauka ayi.

Palibe chomera chimene ndimachilemekeza, pa ntchito imeneyi, kuposa kaufiti. Mlimi aliyense amamudziwa ndipo amamuda. Kamtengo kakang'ono, kamaluwa ofiira okongola, kamene kamamera patsinde pa chimanga chofooka. Asayansi amati Striga asiatica. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabala masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi osamera. Zimadikira. Chimene zimadikira ndi mankhwala ena amene mizu ya chimanga kapena mapira imatulutsa m'dothi. Njere ikangowamva imadzuka, n'kutulutsa kamuzu kamene kamaboola muzu wa chimanga n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Kwa masabata angapo zonsezi zimachitika pansi. Mlimi amangoona chimanga chake chikupinimbira ngakhale mvula ikugwa, ndipo pamene maluwa ofiira aja akutuluka, zambiri zaonongeka kale. Amene adapereka dzina lakuti kaufiti adaona bwino. Palinso kachinyengo kena. Mizu ya thonje imatulutsa mankhwala odzutsa njere zija, ndipo asayansi adayamba kuwapeza m'mizu ya thonje momwemo mu 1966, koma kaufiti sangayamwe thonje. Njere imadzuka, n'kupeza kuti yaitanidwa ku phwando lopanda nsima, n'kufa. Ndiuzeni filimu ya zakuthambo imene ili ndi chomera choopsa kuposa chimenechi.

Msangu nawo ndi mtengo wochita zinthu chambuyo. Mitengo ina yonse ikamavala masamba ndi mvula, iwo umayoyola ake n'kuima mbulanda. Chilimwe chikafika, tchire lonse litauma, ndi pamene umabiriwira, chifukwa mizu yake imakatunga madzi pansi kwambiri. N'chifukwa chake alimi amausiya m'munda: suphimba chimanga, ndipo masamba ake amasanduka manyowa nthawi imene mbewu ikuwafuna. Mvunguti udasankha kuchita malonda ake usiku. Maluwa ake ofiira moderako amalendewera pa zingwe zazitali, amamasula kukada, fungo lake silokoma kwa ife, koma mileme imabwera, ndipo kulendewera poyera kuja kumaipatsa malo ofikira mapiko osakodwa m'nthambi. Zipatso zake zolemera makilogalamu angapo zimatsalira pa zingwe zomwezo. Zina zimene anyamata amanong'onezana za mvunguti sindilowamo, iyi ndi nkhani ya zojambula.

Kulinso kombe, chomera choyanga cha m'nkhalango za kuchigwa cha Shire, chimene Amang'anja ankapangira ulembe wopaka ku mivi. Duwa lake lili ndi timichira tatitali topotana tolendewera kunsonga. Zipatso zake zimamera ziwiriziwiri motalikirana ngati nyanga, ndipo zikang'ambika mumatuluka njere, iliyonse ili ndi kaphesi kokhala ndi ubweya kunsonga kuti mphepo iinyamule. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, wa pakati pa 1858 ndi 1864, dokotala John Kirk adasunga mswachi wake pamodzi ndi kombe. Atatsuka m'kamwa adamva kuwawa, kenako adazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh adafufuza njerezo, ndipo pofika m'ma 1880 zidasanduka mankhwala a mtima, njere n'kumatumizidwa ku Britain kuchokera kuno. Dzina la sayansi, Strophanthus kombe, lidasunga mawu a Chimang'anja mpaka lero. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma pa nkhani iyi kalumoko kadali kathu, mlendo adangokatola.

Pamenepa wina anganene kuti, chabwino, ndiye tizingoika mlambe pa chithunzi chilichonse. Ayi, chonde. Mlambe ndi dzuwa lolowa kumbuyo kwake tazitopa nazo pa makalendala ndi pa timabuku ta alendo odzaona dziko. Kutenga mlambe n'kuupaka pepo sikupeka chomera, n'kuuveka yunifolomu ya Pandora. Chofunika kutenga kwa mlambe si mthunzi wake koma nzeru yake: thunthu lofewa ngati siponji losunga madzi a miyezi ya chilala, nthambi zopanda masamba theka la chaka, duwa loyera limene limamasula madzulo n'kufota mawa lake. Mukatenga nzeru imeneyo n'kuipatsa dziko lina, la mphamvu yokokera pansi yoposa ya kuno, mupeza chomera chachifupi, chotambalala ngati mtsuko wokwiriridwa theka, chimene palibe anganene kuti ndi mlambe, koma aliyense akhulupirira kuti chimamwa madzi.

Funso lolemera kwambiri ndi la ndalama. Mnzanga wina adandiuza mosabisa kuti kasitomala amafuna zowala buluu, chifukwa n'zimene adaziona, ndipo iye sangakane ndalama ya lendi chifukwa cha kaufiti. Ndikumumvetsa. Munthu amene ali ndi ngongole ya sukulu sauzidwa za luso pamimba pali njala. Koma taganizani amene tikupikisana naye pa zowala buluuzo. Lero aliyense amene ali ndi foni akhoza kulemba mawu asanu mu pulogalamu ya AI, n'kulandira nkhalango ya kuthambo madzi a tiyi asanawire. Ndipo nkhalango imene alandireyo ndi bowa wowala yemwe uja, chifukwa makina amenewa amabweza chapakatikati cha zithunzi zimene anthu adaziika kale pa intaneti, ndipo Pandora ndi ana ake adadzaza intaneti. Ngati ntchito yako ikufanana ndi chapakatikati chimenecho, ukugulitsa madzi m'mphepete mwa mtsinje. Kasitomala yemwe uja, tsiku limene adzazindikire, sadzakuimbiranso.

Chimene makinawo ali nacho chochepa ndi chimene chilibe zithunzi zambiri pa intaneti: muzu wa kaufiti pamene waluma chimanga, m'kati mwa chibade cha dzaye, ubweya wa chitedze ukauyang'ana pafupi, timinga tiwiri ta njere ya chisoso timene timakola sokosi. Ndi zimenezi munthu wa ku Lilongwe angapange chinthu chimene wa ku Seoul kapena ku Vancouver sadachionepo. Ntchito ya 3D imagulidwa pa intaneti ndi anthu amene aona kale zithunzi masauzande, ndipo chimene chimawaimitsa chala ndi chimene sangathe kunena kuti chachokera mufilimu iti.

Za makompyuta athu ofooka ndi magetsi othimathima ndi zoona, koma sizikugwirizana ndi nkhaniyi mmene anthu amaganizira. Mitengo yotsitsa pa intaneti ndi imene imalemera, chifukwa idapangidwira makina akuluakulu. Chomera chopangidwa ndi lamulo chimapepuka: umaumba tsamba limodzi bwinobwino, n'kuuza Blender kuti alibwereze maulendo 2,000 motsata ngodya ndi kukula kosiyanasiyana, ndipo kompyuta imasunga tsamba limodzi lokha ndi mndandanda wa malo ake. Filimu ya Flow, ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, idapangidwa ndi Blender yemweyu, pogwiritsa ntchito Eevee, njira yopepuka yotulutsira zithunzi, ndipo idapata Oscar mu Marichi 2025. Sindikunena kuti laputopu yogula kwa munthu, ya batire lakufa, ipanga Flow. Ikhoza kupanga chigwa chimodzi chabwino, ndipo chigwa chimodzi chabwino n'chimene chimatsegula khomo.

Khungu la zomera nalo lili pa msika pomwepo. Ndi foni wamba mukhoza kujambula khungwa, chikopa cha dzungu, mkati mwa malambe, tsamba la mpiru litalozedwa ku dzuwa kuti mitsempha ioneke, n'kukutira zithunzi zimenezo pa chimene mwaumba. Mukhozanso kuzungulira chipatso n'kuchijambula maulendo makumi angapo, pulogalamu yaulere ngati Meshroom n'kuchiumba yokha. Koma pali mwambo wake. Amayi a pa Lizulu sadabwere kudzakhala zoonetsa za ana asukulu. Osangofika n'kuloza foni. Perekani moni, funsani kuti "Mayi, zipwetezi mukugulitsa bwanji?", gulani mulu, mukajambulire kunyumba. Mukagula, kufunsa kumaloledwa, ndipo mudzamva zimene buku silinena: chimene chapsa amachidziwira pati, chowawa chimaoneka bwanji, chimachokera dera liti, kwawo amachitcha chiyani. Foni yokha muigwire bwino powoloka mlatho, pa Tsoka pamadzaza.

Mayina amenewo musawataye, chifukwa kupeka dzina ndi theka la kupeka chomera. Ife tikapanga chomera chakuthambo timachitcha mawu a Chingerezi omveka ngati mankhwala a chifuwa. Koma anthu athu ali kale ndi njira yotchulira chomera chachilendo chikafika. Chomera china cha ku South America chitalowa mu mtsinje wa Shire, choyandama ndi timatumba ta mpweya m'mapesi mwake, chofalikira mpaka kutseka njira za mabwato ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula, anthu adayang'ana masamba ake n'kuti namasupuni. Dzina limodzi lanena maonekedwe, lina ngati kaufiti lanena khalidwe, lina ngati mpendadzuwa lanena zochita. Munthu woyamba kutsika pa pulaneti lanu, ngati ndi wa ku Mitundu, adzatcha zomera zake motero. Zina zoonjezera zili m'mabuku: Useful Plants of Malawi la Jessie Williamson, Chewa Medical Botany la Brian Morris la mu 1996. Ku Zomba kuli National Herbarium, kosungira zomera zouma za dziko lino, ndipo ku City Centre, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, kuli munda wa zomera umene ambiri timaudziwa ngati malo ojambulirako zithunzi za ukwati basi. Ndikadakonda kuona wophunzira zaulimi wa ku Bunda ndi wophunzira zojambula atakhala pa laputopu imodzi. Mmodzi amadziwa chifukwa chake tsamba lili chonchi, winayo amadziwa kulipanga kuti lioneke.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene zonsezi zingagwirire ntchito pamodzi, chifukwa kulankhula kokha n'kosavuta. Mu 2017 asayansi adalengeza kuti nyenyezi ya TRAPPIST-1, yomwe kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 40 kuti kufike kuno, ili ndi mapulaneti asanu ndi awiri. Ndi nyenyezi yaing'ono, yofiira, yozizira poyerekeza ndi dzuwa lathu, ndipo akuganiza kuti mapulaneti ake amaionetsa nkhope imodzi nthawi zonse, monga mwezi umachitira kwa ife. Ndiye kuti mbali imodzi ndi masana osatha, mbali ina ndi usiku osatha. Nancy Kiang wa ku NASA ndi anzake adalemba mu 2007 za mtundu umene zomera zingakhale nawo pansi pa nyenyezi zosiyanasiyana, ndipo pansi pa nyenyezi yofiira yotere masamba akhoza kuoneka akuda, chifukwa angafunike kumeza kuwala konse kumene angakupeze. Onani kuti buluu wowala sadatulukepo.

Tiyerekeze dziko lotero, ndipo tiime pa malire, pamene masana akuthera usiku n'kuyamba. Dzuwa lili pamalo amodzi, pansi m'chizimezime, silikwera, sililowa. Mtengo wa kumeneko sufunikira masamba ozungulira mbali zonse ngati athu. Ngodya ija ya 137.5 ilibenso ntchito. Masamba onse akuda ayang'ana mbali imodzi, atafola ngati lichero loimika, ndipo mitengo yatalikirana motsata mthunzi, chifukwa mthunzi wa kumeneko susuntha: mbewu yogwera kumbuyo kwa mayi wake yagwera m'manda. Ndi lamulo limodzi lokha limeneli nkhalango yonse yasintha kale kaimidwe.

Kumbali ya mdima n'kumene kuli kaufiti wathu. Alibe tsamba ngakhale limodzi, chifukwa alibe chochita nalo. Njere yake imagona m'dothi lozizira mpaka muzu wa mtengo wa kumasana utasochera n'kudutsa pafupi. Ikaluma, imatsata muzuwo, n'kumatulutsa maluwa pamwamba pa nthaka m'malo mwina ndi mwina. Popeza kulibe kuwala koti tizilombo tione mtundu, duwa lake latengera kwa mvunguti: ndi lalikulu, lotumbuluka, lodalira fungo, lolendewera pa kaphesi kopindika kuti chouluka mumdima chilipeze osagunda kanthu. Munthu woima pa phiri sangaone mizu. Aona mizere ya maluwa otuwa ikutuluka mumdima, ikupindika ngati tinjira ta mbewa, yonse ikulunjika ku mitengo yakuda ija, ndipo mitengo imene mizere yambiri yathera pa iyo ndi yopinimbira, masamba ake ena agwa.

Mu Blender ntchito yake si yaikulu. Mizu ndi mizere yokhota yojambulidwa pansi pa nthaka, yosaoneka pa chithunzi. Duwa ndi limodzi, lobwerezedwa motsata mizereyo, lokulirapo pafupi ndi mtengo pamene chakudya n'chambiri, laling'ono kutali. Kutalika kwa mtengo uliwonse kumachepetsedwa malinga ndi kuchuluka kwa mizere imene yaufika. Nyale ndi imodzi, yofiira, yoikidwa pansi kwambiri kuti mithunzi italike. Khungu la thunthu ndi chithunzi cha chipwete chosapsa, chochotsedwa mtundu, timinga take titafupikitsidwa, ndipo mulu umodzi wa zipwete ndi wokwanira nkhalango yonse.